Thumba la zitsulo lochokera ku Caledonia

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Tafara ndi kulikonse kumene muli. Ndine Mayi Phiri, ndimagulitsa tomato pafupi ndi mashopu. Amuna anga anamwalira chaka chatha, n'kundisiyira ana atatu ndi pikapu yakale imene sindinkatha kuiyendetsa.

Laisensi ndinali nayo, vuto linali chiwongolero. Chinali cholimba ngati ukupotokola khosi la ng'ombe. Malemu ankachikhotetsa ndi mapewa onse, thukuta lili kamukamu, akamatuluka pageti lathu lopanikiza kupita kumsika waukulu wa ku Mbare kukapikula tomato. Ine nditayesa ndinagumula chipilala cha geti, ndipo ndinalekera pomwepo.

Pamaliro sindinalire. Amayi anzanga ankandipatsa moni wa chipepeso, ine n'kumangoyang'ana nsapato zawo. Kudya ndinkadya, kutchalitchi ndinkapita, koma mumtima munali zii. Pemphero langa linali mawu awiri okha, "Ambuye, mukuona," ndipo ngakhale amenewo ndinkangowatchula pakamwa.

Kenako mng'ono wa amuna anga anabwera kudzakonza za nyaradzo, mwambo umene timagawirapo katundu wa womwalira.

"Alamu, mota iyi si ya munthu wamkazi," anatero. "Ikungochita dzimbiri apa. Pa nyaradzo ndidzaitenga."

Ndinangoti chabwino. Ndinkadziwa kuti pikapu ikapita, geni ya tomato yathera pomwepo ndipo ana agona ndi njala, koma mphamvu yokangana ndinalibe.

Kutatsala sabata imodzi kuti nyaradzo ichitike, panafika bambo wina wachikulire atasenza thumba. Anati ndi a Zuze, makanika wa ku Caledonia, dera loyandikana ndi lathu, koma kwawo ku Tete. Anakhuthula thumbalo pakhonde: bokosi la siteringi, pampu, mapaipi awiri ndi lamba.

"Mayi, amuna anu akapeza chitsulo ku sikirapu ankadzasiya kwa ine, chimodzichimodzi. Ankati, 'Mkazi wanga amaiopa mota iyi, ndikufuna aziikhotetsa ndi dzanja limodzi.' Chinatsala ndi chomangirira pampu ku injini. Ndawotcherera ndekha, ndiye ndabwera."

Masiku awiri anali chagada pansi pa galimoto, ine ndikuwapatsa tiyi osamva kanthu. Atachotsa bokosi lakale n'kumanga zatsopanozo, anathira mafuta ofiira, anakweza matayala akutsogolo pa jeke n'kuliza injini. Anandiuza ndikhale pampando ndizipotokola uku ndi uku kuti mpweya utuluke m'mapaipi. Pampu inalira pang'ono, kenako inakhala chete. Anatsitsa jeke nati, "Tulukani nayo, mayi."

Chiwongolero chinangotsatira dzanja langa. Ndinadutsa pageti osakhudza kanthu. Nditafika mumsewu ndinaona kuti zala zanga zili pamalo operepeseka, pamene malemu ankagwira. Ndinaima pomwepo n'kulira maliro onse amene sindinalire aja, kombi yonyamula anthu kumbuyo ikuimba hutala, ine osasuntha.

Tsiku la nyaradzo ndinapita ndekha kukawatenga alamu anga pamene amatsikira basi. Njira yonse ankangoyang'ana dzanja langa pachiwongolero. Katundu tinagawa, koma za galimoto sanatchulenso.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso a Zuze, amene akanatha kugulitsa zitsulozo ine osadziwa n'komwe. Inu amene mwauma mtima moti ngakhale kupemphera kukukulemerani, musaleke, nenani mawu awiri omwewo. Ine ndinkati Ambuye akhala chete, pamene yankho langa linali kale m'thumba ku Caledonia. Mawa m'mawa ndikupita ku Mbare.