Mbiri ya Malemu Manfred Chimphonda, Osoka Mitima ya Agalu

Malemu bambo athu, a Manfred Chimphonda, anabadwa pa 9 Malichi 1976 ku Ntcheu. Ali Sitandade 5 anadwala zilonda zapakhosi ndi kuphwanya kwa mfundo. Anachira, aliyense n'kuiwala.

Mu 2001 anamaliza maphunziro a udokotala wa ziweto ku Lusaka, ndipo mu 2004 anabwera kuno ku Dublin kudzapitiriza sukulu. Chaka chomwecho, ali mu sitima ya mumzinda yotchedwa Luas, anamva mtsikana akuyankhula Chichewa pafoni, n'kupitirira masiteshoni anayi osatsika. Mtsikanayo ndi mayi athu, a Magdalene. Anakwatirana pa 6 Ogasiti 2005.

Kuyambira 2012 ankachita opaleshoni ya mitima ya agalu. Ankatifotokozera kuti mtima uli ndi tizitseko, mavalavu, ndipo kamodzi kakatha magazi amabwerera m'mbuyo, galu n'kumatsokomola ndi kubanika. Iwo ankauimitsa mtimawo, makina n'kumapopa magazi, n'kusoka. Kenako kudikira kuti ugundenso. Ina sinkagundanso. Kunyumba sankati galu ayi, ankati odwala anga, mwaulemu ngati akunena apongozi.

Mu Januwale chaka chino anayamba kutiuza patebulo za odwala ena a valavu yodontha, amene ankakana mpeni podziwa kuti mtima wawo udzaimitsidwa. Tinkaseka kuti galu angadziwe bwanji zimenezo. Ine Wezi, mwana wawo woyamba, mutu uli pa mayeso omaliza sekondale a Leaving Cert, ndinawauza kuti angowagoneka odwalawo nkhani ithe. Mawu amenewo mpaka lero sindiwaiwala.

Pa 2 Juni anakomoka pamasitepe. Kuchipatala n'kumene tinamva kuti matenda apaubwana aja anawononga valavu yawo, kuti anaimva okha ikudontha ndi chopimira chawo chaka chatha, ndiponso kuti anazengereza opaleshoni katatu konse. Odwala aja anali iwowo. Anavomera tsopano, atagwira dzanja la mayi, thukuta lili kamukamu. Madokotala anaika tsiku la 16 Juni. Bambo anatisiya pa 13.

Asiya mkazi, ana awiri, ine ndi Prosper, komanso alongo awo a Peggy ku Ntcheu.

Tikuthokoza manesi ndi madokotala, a mpingo, Amalawi nonse a muno, ndi eni agalu amene mwaima kumbuyoko ngakhale simukumva zomwe ndikuwerengazi.

Usani mumtendere, ababa. Kumene mwapitako kulibe choopa.