Chibangiri Chinatsala Pamsomali

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1951, omaliza m'banja la ana asanu. Abale awo onse anatsogola kale. Ine ndaima pano ndine mwana wa mlongo wawo.

Sukulu anayamba mu 1959, n'kulekezera Sitandade 8. Mu 1970 anaphunzira ntchito yokonza mipope ya madzi, ndipo dzina lawo lenileni linathera pomwepo, poti msewu wonse unkangoti a Mipope. Anali munthu wa mawu ochepa. Mukawapatsa moni, yankho linkakupezani mutakhota kale pakona.

Pa 6 Ogasiti 1977 anamanga banja ndi mayi ena, atelala, amene ankayankhulira onse awiri. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 1981 malemu anaponda msomali wadzimbiri kuntchito. Kuchipatala anawabaya mankhwala oletsa kafumbata, opangidwa kuchokera ku magazi a hatchi. Posakhalitsa nkhope inatupa, thupi lonse zidzolo, mpweya n'kuyamba kubanika. Anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Adokotala anawachenjeza kuti thupi lawo siligwirizana ndi mankhwala aliwonse ochokera ku hatchi. Akatemera enawa ankalandira bwinobwino, ndipo ana awo ankawanyamula okha kukabayitsa.

Mayi anakalembetsa chenjezolo pa chibangiri chachitsulo, kuti tsiku limene pakamwa padzatsekeke, dzanja lidzayankhule. Kokolekera kake kanali kakang'ono, kosatheka kutseka ndi dzanja limodzi. Pogona malemu ankachivula poti chinkawayabwa. M'mawa uliwonse ankangotambasula mkono patebulo, mayi n'kuwaveka uku akuwaseka kuti munthu womanga mipope ya tauni yonse wagonja ndi kachitsulo kosaposa chikhadabo. Anachita zimenezi mpaka imvi.

Pa 2 Juni 2019 mayi anatisiya. Ana anali atabalalika kale ndi ntchito. Malemu anatsala okha ndi wailesi, mpando wa mayi uli pomwe unali. Mukawaimbira foni ankangoti ali bwino. Zala zinauma ndi nyamakazi. Mwini golosale ya kutsidya kwa msewu watiuza kuti m'mawa wina anawaona pawindo akulimbana ndi chibangiricho, mbali ina ataigwira ndi mano. Kupempha munthu sanapemphe. Anachikoleka pamsomali, pansi pa chithunzi cha akazi awo. Kusungulumwa, abale anga, n'kusowa ngakhale wokutsekera kachitsulo.

Pa 14 Novembala 2023 aneba atsopano anawapempha kuti akaone mpope wodontha. Ngakhale anali atapuma ntchito, a Mipope sankakana madzi akamatayika. Atapisa dzanja m'bokosi la mita ya madzi, njoka inawaluma. Anebawo anathamanga nawo kuchipatala, koma pofika anali asakuthanso kuyankhula. Adokotala anayang'ana m'mikono, osapezamo kanthu. Anafunsa owaperekeza, panalibe wodziwa. Ululu unali ukukwera, ndipo anawabaya mankhwala a njoka, amenenso anali ochokera ku hatchi. Thupi linawakana monga linachitira mu 1981, ndipo mtima wokalamba sunapirire. Anamwalira tsiku lotsatira, pa 15 Novembala, ali ndi zaka 72. Sitikuloza chala munthu. Achipatala anachita zonse zotheka, ndipo atiuza kuti akanadziwa akanakonzekereratu.

Malemu asiya ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, komanso zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, aneba amene anawanyamula, amisiri anzawo amene akonza bokosi, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pano.

Amene mwaona nkhope mwaonanso chibangiri chija pamkono wawo wamanzere. Mwana wawo wamkazi wachichotsa pamsomali m'mawa uno n'kuwaveka. Akuti sichinavute n'komwe, chimangofuna manja a munthu wina.

Pitani bwino amalume, wokuvekani uja mukamupeza. Mzimu wanu uuse mumtendere.