Windo la Salome

Pa siteji ya ku Goliati, nkhungu isanachoke m'minda, a Mervis, othyola tiyi ku esiteti, ankadikira minibasi limodzi ndi bambo wina wonyamula zida zomangira.

"Bambo, ndinu amene mukumanga buloko yatsopano kusukulu kuja?"

"Eya, mayi. A khonsolo atulutsa ndalama chaka chino. Malata owala, pansi simenti. Zophunzirira pansi pa mtengo zatha."

"Salome wanga wasankha kale pokhala," anatero a Mervis, maso ali kutali. "Akuti pawindo, kuti azindiona ndikuthyola kutsidyako."

"Ndiye windolo ndilitsitsa pang'ono, azikuonani bwino."

A Mervis anasisita zala zawo zong'aluka.

"Ayi, bambo. Liloze kumsewu wa ku Blantyre. Tiyiyu tamuyang'ana ife, zakwana."