Mpando wa Akalaliki ndi Katani ya Achemwali

Akalaliki, amene anthu ankawatchulabe choncho ngakhale anali atapuma ntchito kalekale, anachoka ku ofesi ndi zinthu ziwiri zokha: msana wopweteka ndi mpando wa mawilo umene abwana ankafuna kutaya. Tsiku lina akazi awo, popita ku ntchito, analamula kuti pobwera asaupezenso mpando wong'ambikawo pabalaza, poti madzulo ake kunkabwera alendo. Ndiye Akalaliki anaitanitsa mlamu wawo, mlongo wa akazi awowo, mlonda wa pageti amene moyo wake wonse anazolowera kuchita zimene wauzidwa, osawonjezera, osachotsera.

"Ndiye tikautaya kuti?" anafunsa mlamuyo akupinda manja a malaya.

"Tikataye chiyani?"

"Mpandowu. Achemwali akuti asaupeze."

"Akuti asaupeze wong'ambika, mlamu. Tiuveka nsalu ina. Akabwera aziupempha okha kuti akhalepo."

Mlamuyo anauzungulira mpandowo ngati munthu wodzazonda matenda. Siponji inali itatulukira m'mbali, chotsamira chitapendekeka, ndipo wilo limodzi linkaloza kumene anzake sankafuna kupita.

"Iii, koma wadwala."

"Sunadwale. Wakhwima. Anthu ankavula chipewa pamaso pa mpando umenewu."

"Ankavulira mpando?"

"Gwirani sikuludalaiva, mlamu."

Anaugadabuza pakati pa balaza. Akalaliki anagwada, magalasi ali pa nsonga ya mphuno, nayamba kuzula timisomali ta nsalu yakale. Mlamuyo anamasula masikulu onse mpaka chokhalira chinalekana ndi mwendo wake wa mawilo. Kenako anaima, masikulu ali m'manja.

"Alamu, awa ndiike pati?"

"Pati? Kawatayeni mu ngalande. Nanga si mpandowu tiulumikiza ndi malovu."

Mlamuyo anatuluka. Akalaliki, poganiza kuti wapita kukadzithandiza, sanadzutse ndi mutu womwe. Mlamuyo atabwerako anagwada, natsina siponji yakale. Inanyenyeka ngati buledi wagonera.

"Siponjiyi yatha, alamu."

"Sinathe."

"Ikuyoyoka."

"Ikupuma. Inunso mutanyamula munthu zaka zonsezo mungayoyoke."

"Tikufunika ina."

"Eya, zoonadi. Poti ine ndili ndi fakitale ya siponji kuseri kwa nyumbaku. Bwanji osangotumbula khushoni ya sofa ya achemwali anuyo? Si ndi iyo yangokhala phwii, yonenepa, yopanda ntchito?"

Mlamuyo anaiyang'ana sofayo, nagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Akalaliki anatulutsa nsalu imene anaikonzera ntchitoyi: chinsalu chakale cha patebulo, chokhala ndi chipsera cha ayironi pakona. Anachiyala pa chokhalira. Chinaphimba kutsogolo, kumbuyo kunatsala pamtunda.

"Yachepa," anatero mlamuyo.

"Ikwana."

"Yachepa, alamu."

"Nsalu imamva kukoka. Kokani uko."

"Ndikoke zolimba?"

"Kokani, munthu wamkulu!"

Kweee! Aliyense anatsala ndi chidutswa chake m'manja.

"Tsopano zachepa ziwiri," anatero mlamuyo.

Akalaliki anavula magalasi, nawapukuta pa malaya, nawavalanso. Anali atapsa mtima.

"Ndiye titani, alamu?"

"Titani? Aaa, zosavuta! Tengani sizasi mudule katani ya achemwali anu. Yatsopanoyo, imene aipachika dzana kuti alendo aione. Ikungolendewera pawindo ngati ilibe abale."

"Yamaluwayo?"

"Yomweyo! Mudule pakati penipeni, pamene pali duwa lalikulu. Asa!"

Anaponya chidutswa chawo pansi, natuluka kukabwereka hamala kwa kalipentala woyandikana nawo. Kumeneko mtima unatsika. Kalipentalayo atafunsa ngati akufuna thandizo, Akalaliki anaseka, namufotokozera mwatsatanetsatane mmene mpando umavekedwera, iye akungomvetsera ndi utuchi m'makutu. Anabwerera akuimba mluzu.

Atalowa pabalaza anaphethira.

"Mlamu, mwayatsa magetsi masana?"

"Ayi, ndi dzuwa."

"Lalowera pati?"

"Pawindo."

Akalaliki anatembenuka. Pakati pa katani panali chibowo cha makona anayi, chodulidwa mwaukhondo, ndipo kudzera pamenepo ankaona bwinobwino zovala za aneba zili pachingwe. Pansi, chokhalira cha mpando chinali chitafufuma ndi siponji yatsopano, duwa lalikulu lili pakati. Sofa inali itaphwa mbali imodzi ngati tsaya la munthu wochotsedwa mano.

Hamala inagwa, n'kuphonya chala chawo pang'ono pokha.

"Mayo ine! Mwachita chiyani?"

"Ndadula pamene pali duwa. Ndinachita kuyeza, alamu, kuti ulendo uno isachepe."

"Katani ya achemwali anu!"

"Eya, yatsopanoyo."

"Ndi sofa!"

"Khushoni imodzi yokha. Munati khushoni, simunati makhushoni."

"Koma abale inu, munthu uyu anamulera ndani?"

"Achemwali."

Akalaliki anagwira kumutu, nayendayenda, naima pa chibowo chija, nasuzumira kunja ngati thandizo lichokera kumeneko.

"Chabwino. Zagwa zatha. Tiumange msanga mpandowu, mwina akaona kukongola kwake mtima ugwa pansi. Bweretsani masikulu."

"Ali mu ngalande."

"Ali kuti?"

"Mu ngalande. Ndinasankha pamene madzi akuthamanga."

Akalaliki anakhala pa sofa, mbali yakuphwayo, namira mpaka maondo anafika pachibwano.

"Mlamu," anatero ndi mawu otsika, "khalani pansi ndikuphunzitseni. Munamvapo zoti munthu akunyogodola?"

"Ndimamva anthu akunena."

"Munthu akapsa mtima amatha kunena chinthu, koma akutanthauza chosiyana nacho. Ndikati tayani, ndiye kuti sungani. Ndikati dulani, ndiye kuti musayerekeze."

"Bwanji osangonena kuti sungani?"

"Chifukwa ndi mmene amalankhulira anthu ophunzira!"

"Ooo." Milomo ya mlamuyo inayenda yokha. "Ndiye kuti tsiku lija munati ndine wanzeru kuposa abale anga onse..."

"Zimenezo zisiyeni."

"Ndi pamene munati ndizibwera tsiku lililonse nthawi ya chakudya..."

"Ndati zisiyeni! Mwamva kapena simunamve?"

"Ndamva, alamu. Mukapsa mtima, mawu anu ndiziwatembenuza."

"Basi."

"Panopa mwapsa mtima?"

"Mukuona ngati ndikuvina?"

"Ndiye kuti mwapsa."

Akalaliki anadzizula mu sofa, nakatenga waya wa pa chingwe choyanikira zovala. Anakhomera katani ija pansi pa chokhalira ndi timisomali takale topindika, kenako anasanjika chokhaliracho pa mwendo wa mawilo, nakulunga waya paliponse pamene panali bowo. Mpando unaima, koma mokayikira, ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

"Alamu, waya sangalowe m'malo mwa sikulu."

"Alowa."

"Bwanji tingoutulutsa, tikauike kuseri? Achemwali akabwera tingopepesa za katani."

Akalaliki anasisita duwa lija ndi chikhatho. Atayankhula, mawu awo analibe minga.

"Mlamu, m'nyumba muno chilichonse ndi cha achemwali anu. Sofa ndi yawo, makatani ndi awo, ngakhale limoti ya wailesi ya kanema amaisunga m'chikwama. Ku ofesi kuja ndikadutsa, mlonda watsopano amandifunsa kuti ndikufuna ndani. Mpando uwu ndi wokhawo umene umandidziwabe. Ndikakhalapo ndimakumbuka kuti ndinali munthu."

Mlamuyo anagwedeza mutu mwachifundo.

"Ndamva. Ndiye kuti mulibe nawo ntchito."

"Ndikunena zoona!"

"Ndiye kuti mukunama."

"Mlamu!"

"Ndikungotembenuza, alamu, monga mwa maphunziro."

"Lekani kutembenuza!"

"Ndipitirize. Chabwino."

 Akalaliki anaona kuti liwu lililonse limene angatulutse likhala msampha wodzitchera okha.

"Tamverani. Ndikufuna ndiuyese. Imani kumbuyoku, mugwire chotsamira. Mugwire zolimba, musasiye."

"Ndisasiye."

"Musasiye ngakhale pang'ono."

"Mwapsabe mtima?"

"Kwambiri!"

"Chabwino."

Akalaliki anakoka buluku m'maondo monga ankachitira ku ofesi, nakhosomola, natsitsa thupi mwaulemu. Mlamuyo anachotsa manja, nawapinda kumbuyo ngati ali pageti.

Mwendo wa mawilo unathawira kukhitchini. Chotsamira chinapita kwake. Akalaliki anafika pansi ndi chokhalira chokha, khu! miyendo m'mwamba, waya atakola lamba wa buluku.

"Ndinati musasiye!"

"Ndi chifukwa chake ndasiya."

"Ndithandizeni kudzuka!"

Mlamuyo anabwerera m'mbuyo.

"Chabwino, musandithandize!"

"Apa mwanyogodola kapena mwanena zoona? Chifukwa nkhope yanu ikuoneka chimodzimodzi."

Nthawi yomweyo geti linalira kunja. Panamveka nsapato za gogoda, ndi mawu a amayi angapo akuseka. Akazi awo anali ataweruka msanga, ndipo alendo aja anabwera nawo limodzi.

Akalaliki anayesa kudzuka, koma chokhalira chinadzuka nawo, chitakanirira kumbuyo ngati chigoba cha kamba.

"Mlamu," ananong'ona, "chitseko icho. Musatsegule. Ndapota nanu, musatsegule!"

"Mwapota nane?"

"Ndapota nanu!"

Mlamuyo anatsegula chitseko mpaka kukhoma, naimanso pambali mwaulemu kuti alendo aone bwino.

Mayi a m'nyumbamo anaima pakhomo, chikwama chili m'khwapa. Anayang'ana katani. Anayang'ana sofa. Anayang'ana amuna awo ali chokwawa, duwa lalikulu likusuzumira m'mbali mwa buluku. Kumbuyo kwawo alendo anasiya kuseka, wina n'kubisa nkhope pa phewa la mnzake.

"Koma ndiye mwagwira ntchito, abambo," anatero mayiwo, mawu ali ozizira ngati madzi a mu fuliji. "Zokongola zedi. Nyumba yawala. Nanga katani inayo mwaisiyiranji? Iduleninso, zifanane."

Nkhope ya Akalaliki inamasuka. Anapumira m'mwamba, nayang'ana mlamu wawo monyadira.

"Mwamva, mlamu? Si ndinanena kuti akaona asangalala? Patseni sizasiyo."

Mlamuyo anaiponda sizasi ndi nsapato. Anawerama, nawagwira paphewa, nalankhula mofatsa ngati akuuza mwana:

"Alamu, khalani pansi ndikuphunzitseni. Munamvapo zoti munthu akunyogodola?"