Tabuleti ya Mwana Wanga

Inu a pa wailesi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine kalipentala wa ku Kalingalinga.

Sukulu ya mwana wanga wamkazi italandira matabuleti, ndine ndinakhoma kabati yosungiramo. Ana ankadzijambula mawu akamawerenga, aphunzitsi n'kumamvetsera kuti adziwe pomwe mwana akulakwitsa. Tsiku lina mwana wangayo anandipeza ndikuika zitseko za kabatiyo, tabuleti ili m'manja.

"Batate, mverani mwamene niwerengera," anatero.

Ndinamuuza kuti ndatanganidwa, ndidzamva tsiku lina.

Amayi ake atamwalira, amalume ake anamutenga n'kupita naye kumudzi. Anati mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwamuna wokhala yekha sangalere mtsikana. Kumudziko foni sigwira.

M'nyumba munangoti zii. Ndikaweruka ndinkasowa wondifunsa ngati ndabweretsa kanthu. Zitandikulira, ndinapita kusukulu kuja kukapempha aphunzitsi ake kuti ndimveko mawu a mwana wanga. Anatsegula kabati yanga yomwe ija, natulutsa tabuleti imene mwanayo ankagwiritsa ntchito. Anafufuza kwa kanthawi, kenaka anayang'ana pansi.

"Pepani ba kalipentala. Mwana akachoka timafafaniza vonse. Manje iyi ni ya mwana wina."

Ndinawapempha kuti ayatsebe. Munatuluka mawu a mwana wa eni, akuwerenga mokakamira pa mawu ovuta. Ndinakhala pa kabenchi ka ana n'kumvetsera mpaka anamaliza.

Makolo anzanga, mwana akati mverani, ikani hamala pansi.