Bwato Latsopano la a Bashiru

Kodi anayamba ndani kubayitsa katemera wa Kovidi, bambo kapena mwana? Pa siteji ya matola a ku Lungwena, msodzi wina anali atafungatira mkono wake ngati khanda, mayi wina wosamudziwa n'kumufunsa.

"Mwavulala kunyanja, achimwene?"

"Ayi, achemwali, ndi katemera. Mwana wanga Subira akuumirira zokabayitsa. Bwato latsopano ndimayamba kulikwera ine, mwana pambuyo."

"Ndiye lamira?"

"Silinamire, koma phewali! Ndikamuletsa basi. Kamwana ka Fomu 2 sikangapirire zimenezi."

"Subira Bashiru, wamtali uja?"

"Iii, mukumudziwa?"

"Ndine wazaumoyo. Anabwera ndi amayi ake Lolemba, ndinamubaya ndine. Madzulo ake ndinamuona akusewera mpira wamanja."