Kiyi wa Kabati ya Rauta

Olemekezeka Wapampando wa bodi, Mayi Ansuya. Olemekezeka Mkulu wa kampani ino ya maambulansi, Bambo Dalton. Abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero. Anamwino, madalaivala ndi nonse ogwira ntchito. Amayi ndi abambo.

Ndikuthokoza pondiitana. Ndikudziwa kuti amene munkafuna poyamba ali kumsonkhano ku Mangochi, ndiye mwatenga ine, mayi woyala netiweki, amene digiri yake inathera panjira. Palibe kanthu. Amene anandichotsa ku yunivesite, lero intaneti ikawavuta m'maofesi mwawo amandiimbira mwaulemu kwambiri.

Mutandipatsa ntchito yokonza waifai ya nyumba yatsopanoyi, sindinathamangire kugula zipangizo. Ndinayenda chipinda ndi chipinda, ndikugogoda makoma kuti ndidziwe a konkire ndi a matabwa, pakuti waifai siboola konkire ngakhale bwana ailamule. Ndinaganizira anthu amene alipo lero ndi amene mudzalembe chaka chamawa, aliyense ndi foni yake ndi laputopu yake. Alendo ndinawapatulira netiweki yawoyawo. Ndipo kabati ya rauta yaikulu, bokosi logawa intaneti m'nyumba yonse, pamodzi ndi batire lake, ndinaiika m'chipinda cha olandira mafoni a odwala, momwe simusowa munthu.

Chifukwa chake mukuchidziwa, ngakhale simukonda kuchimva. Ku ofesi yanu yakale ku Old Town, rauta inkakhala yotsekeredwa mu ofesi ya bwana, poti kwathu kuno chinthu chodula chimakhala kwa wamkulu. Tsiku lina a Dalton anapita kumaliro ku Mitundu, kiyi ali m'thumba la jekete. Magetsi anazima, ndipo atayaka rauta sinadzuke. Inkangofuna chala cha munthu kuti chiidine. Mafoni a odwala amadzera pa intaneti, ndiye onse anangoti zii. Ku Area 14 mayi wina woyembekezera ankataya magazi, mwamuna wake akuimba foni kwanu, akuimbanso. Mayiyo anaikidwa m'manda pamodzi ndi mwana wake.

Amene anachotsedwa ntchito si amene anapita ndi kiyi. Ndi Eveless, amene anali pamafoni tsikulo, amene anayesa kuswa chitseko cha bwana ndi mpando. Eveless ndi mng'ono wanga. Mpaka lero foni ikalira m'nyumba, iye amatuluka panja.

Musayang'ane pansi, sindinamalize.

Dzulo ndinabwera kudzayesa netiweki komaliza, ndipo ndinapeza kabati ija yasamutsidwa. Ili m'mwamba, mu ofesi ya a Dalton, pafupi ndi filiji, ndi loko watsopano. Nditafunsa, a Nebert oyang'anira nyumba ino anati, "Mayi, zikanaoneka zachipongwe. Abwana akhale chimanjamanja, rauta ili kwa ana apamafoni?" Ulemu umenewo, a Nebert, unapha kale munthu. Ndipo pampando wa Eveless lero pamakhala Bernadetta, uyo waima kumbuyoko chifukwa mipando yathera kwa alendo. Magetsi akazima mawa, batire n'kutha, woswa chitseko ndi iyeyo, wochotsedwa ntchito ndi iyeyonso.

Kabatiyo ndidzaibweza ndekha Lolemba. Koma Lolemba ndi kutali, ndipo matenda sadikira kuti ofesi itsegulidwe. A Dalton, sizasi yodulira riboni ili m'manja mwanga, kiyi ali m'thumba mwanu. Ndidikira. Keke sathawa.

Ayi, musapatse ine. Bernadetta, bwera kutsogolo kuno, mwanawe, usaope. Landira. Kiyi wa chitseko cha ofesi yanu nayenso, a Dalton. Eya. Makiyi amenewa asagone m'dirowa ya munthu. Ukamaweruka uzimupatsira mnzako m'manja, nayenso azipatsira wina m'manja.

Tsopano, mwa mphamvu imene mwandibwereka masana ano, ndikulengeza kuti ofesi ino yatsegulidwa, ndi zitseko zake zonse.

Zikomo kwambiri.